Basi ya pa 100 ndi Mayina a Apongozi

Lolemba, 4 Okutobala 1999

Afika! Mazabodi awiri, kuchokera ku Lilongwe pa minibasi ya m'mawa. Mnzanga Gilibati, wokonza makompyuta uja, wawakulunga m'nyuzipepala ngati chambo. Kakalata kake kakuti: "Aise, sankha limodzi, linalo ubweze. Lobiriwira ndi lofatsa, silisintha liwiro. Lachikasu ungalikankhe, koma memore yako ndi yakale, usapenge nalo."

Mkazi wanga Asiyatu akufunsa kuti mazabodi n'chiyani. Ndikumuuza kuti ndi bodi lalikulu la m'mimba mwa kompyuta, lomwe tizipangizo tonse timayamwapo, mayi wake titero. Akuti: "Kodi mayi amachita kusankha?" Ndili pantchito.

Ntchito yake ndi iyi. Lamulungu kwa apongozi anga a Bwanali kuli sadaka ya makolo onse, ndipo mayina a akufa amatchulidwa pa duwa, pemphero lowapempherera lija, limodzilimodzi. Alipo 47. Ali m'buku lomwe bambo awo analemba m'zilembo za Chiarabu. Bukulo linanyowapo kale, inki inayenderera, moti angaliwerenge ndi apongozi okha, theka ndi maso, theka ndi mtima. Masowo tsopano ali ndi ng'ala, Lachinayi akukachitidwa opaleshoni. Ndiye ine, pakamwa panga, pamaso pa alamu anga onse: "Ndiwatayipa pa kompyuta, banja lililonse lilandire pepala lake!"

Zaka zisanu ndi zinayi ndili m'banjali. Ndinachoka ku Benga, ndinalowa Chisilamu, ndinabereka Shakira, koma pa sadaka ntchito yanga ikadali kunyamula mikeka ndi kukhala kumbuyo pafupi ndi nsapato. Chaka chino adziwa.

Vuto ndi limodzi. Sabata yatha apongozi anabwera kudzaona makinawa muofesi yanga yotayipira makalata. Ndinayatsa. Tinadikira. Tinadikirabe. Kenako iwo: "Akamwini, makina anuwa amayamba aswali kaye asanagwire ntchito?" Mawu amenewa akundiwawabe mpaka lero.

Kusankha tsono. M'kompyuta muli msewu womwe zinthu zimayendamo pakati pa purosesa, ubongo wake, ndi memore, akatswiri amautcha basi.

Bodi lobiriwira:
- basi pa 66, lero, mawa, mpaka kufa
- purosesa yanga ya 300 ikhalabe 300
- palibe chosimba

Bodi lachikasu:
- basi pa 66, 75, 83, 100, umangosankha pa skirini!
- pa 100, purosesa ya 300 ithamanga 450
- lili ndi kafungo ka zinthu zakunja

Ndaganiza mozama kwa mphindi imodzi. Lachikasu.

Masana onse kumasula, kumanga, kuyikanso mapulogalamu. Sikuluwu imodzi yatsala, sindikudziwa kwawo. Basi ndaiika pa 100. Ndayatsa. 450! Ndazimitsa n'kuyatsanso kasanu kuti ndingoiona nambalayo. Asiyatu wabweretsa tiyi, wandipeza ndikuvina ndekha, akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nsanje.

Lachiwiri, 5 Okutobala

Apongozi afika 8 koloko. Mkanjo woyera, buku m'kathumba ka nsalu, galasi lokulitsira zilembo m'manja. Ndayatsa, kompyuta yadzuka iwo asanakhale n'komwe. Akuti: "Lero yaswaliratu kunyumba." Mtima wanga mbee!

Tayamba. Mwinyi Hamisi, amene anabwera pa chombo kuchokera kutsidya kwa nyanja. Bibi Amina, mkazi wake. Che Salimu wa mchere. Ine dzina ndikulitayipa m'kuphethira kwa diso, kenako ndikudikira, chifukwa dzina lililonse lili ndi nkhani yake: uyu anali ndi zombo ziwiri, uyu anakana kukwera galimoto mpaka imfa, uyu ankaphika mpunga wonunkhira mpaka kumzikiti. Purosesa ya 450 ikudikira munthu wa liwiro la 2.

Dzina la 31, Fundi Makame, wokhoma zombo. Ndangolemba F. Skirini yonse buluu! Tizilembo toyera tachingerezi, kiyibodi yauma gwa. Kuseva sindinaseve.

Ndikuti: "Ndi magetsi, apongozi." Iwo akweza galasi lawo, aloza kudenga: "Nanga babuyo ikuyakira palafini?"

Tayambiranso. Mwinyi Hamisi. Bibi Amina. Nkhani zonse azibwerezanso, zina zatalikirako. Ulendo uno ndikuseva dzina lililonse ngati munthu wotseka chitseko kuopa nkhuku. Tamaliza adhana ya masana itaitana kale. Apita kumzikiti mothamanga, ndipo kuthamanga kwawo ndi koyenda.

Kusindikiza sindingathe, riboni ya pirinta inatha, Gilibati atumiza Lachisanu. Asiyatu akuti: "Bambo a Shakira, bwanji osawalembanso ndi bolopeni papepala, pongosungira?" Bolopeni! Mu 1999! Ndaseka mpaka kutsokomola.

Za skirini ya buluu ija: inangodabwa ndi liwiro. Izolowera.

Lachitatu, 6 Okutobala

Ndatsegula mayina kuti ndiwakongoletse ndi maluwa m'mbali. Asiyatu waima kumbuyo kwanga akupeta mpunga. Mwadzidzidzi lichero lasiya kulira. "Bibi Amuna ndi ndani?"

Ndayang'ana. Nambala 2: Bibi Amuna. Ndinalemba Amina, ndikulumbira! Nditsike m'munsi:
- Che Salimu asanduka Salima, boma lathunthu
- Che Asani asanduka Asanu, pomwe anali munthu mmodzi, wochepa thupi
- ena sindikudziwa ngati asintha, poti sindinawaonepo

Thukuta. Ndathamangira ku positi ofesi, mzere wa foni anthu khumi. Gilibati kumbali inayo akuseka ngati wauzidwa nthabwala: "Ndi memore, aise! Ndinakuuza. Singakwanitse 100, ndiye ikaiwala imangopeka. Tsitsa basi." Ndikuti palibe njira ina? Akuti: "Yesa kamodzikamodzi, upeze kofooka. Koma tsitsa basi." Kachiwiriko sindinamve bwino, foni inali ndi phokoso.

Memore yanga ndi tizidutswa titatu: ka 32 kanabwera ndi kompyuta, ka 16 kanachokera m'kompyuta yakufa ya kumishoni, ka 16 kenanso msuweni anakabweretsa kuchokera ku Joni. Zomwe ndachita:
- kuzula tonse
- kupukuta mano ake agolide ndi labala ya pensulo ya Shakira
- kuuzira mpweya m'mabowo
- kuyesa ka 32 kokha: bwinobwino
- ka kumishoni kokha: bwinobwino
- ka ku Joni kokha: bwinobwino
- tonse pamodzi: buluu!

Ndi mitala basi. Aliyense payekha ndi mkazi wabwino, uwaike nyumba imodzi uone.

Koma mayina aja sindingawakhulupirirenso. Ndapita kwa apongozi, ndagwada chapatali. Ndikuti ndikufuna kungotsimikizira kalembedwe. Abwera madzulo dzuwa likadalipo, awerenga kachitatu, ka 32 kali kokha m'kati. Diso lakumanja likutuluka misozi, akulipukuta ndi m'mphepete mwa mkanjo, osadandaula ngakhale kamodzi. Manyazi andigwira kwambiri. Munthu wamkulu akuvutitsa maso odwala chifukwa mkamwini akufuna nambala yaikulu pa skirini.

Ndawawerengera onse 47 mokweza, avomera limodzilimodzi. Ndaseva pa disiketi. Disiketi ndaiika m'chitini cha Asiyatu cha mabatani. Potuluka akuti: "Buku tsopano lipume. M'mutu mwangamu mumakhala khumi ndi asanu okha, enawo ndakusiyirani inu."

Nzeru ikuti nditsitse basi. Koma 450 ndi memore ya 32 yokha kuli ngati njinga yamoto yopanda chishalo. Mawa mitala igwirizana, ifune isafune.

Lachinayi, 7 Okutobala

Apongozi apita kuchipatala m'mawa, Asiyatu wawaperekeza. Ofesi ndi yanga ndekha, ndi dzuwa la Okutobala. Malata akulira okha.

Ndapeza njira yanga yoyesera memore. Kutsegula mayina a pa disiketi mbali imodzi, kuwatayipanso onse mbali inayo ndikuwatchula mokweza, kuseva, kuzimitsa, kuyatsa, kuona ngati Bibi Amina akadali mkazi. Sayansi!

Ulendo 1: ka 32 kutsogolo, tina pambuyo. Amuna.
Ulendo 2: ka ku Joni kutsogolo. Buluu pa Fundi Makame. Munthu ameneyu ali ndi chifukwa ndi ine.
Ulendo 3: ka kumishoni pakati. Mayina onse bwino, koma mbewa ya kompyuta yafa.
Ulendo 4: basi pa 83, kungolawa. Hadi disiki ikulira ngati chitseko cha bafa. Ndabwerera pa 100.
Ulendo 5: ndauza memore pa skirini ija kuti izipumira pang'ono isanayankhe, 3 m'malo mwa 2. Asanu.

Kwabwera kasitomala, tcheyamani wa komiti ya asodzi. Chibwerere matipate aliyense ndi tcheyamani wa kanthu kena, ndipo tcheyamani aliyense amafuna kalata yotayipa. Wandipeza mutu uli m'kompyuta, akufunsa chomwe ndikuchita. Ndikuti ndikuwonjezera mavoti a purosesa, magetsi ake achuluke pang'ono. Wabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo: "Achimwene, zisankho zinatha mu Juni. Ine sindinaone kanthu, sindinamve kanthu." Kalata yake wapita nayo.

Mavoti awonjezeka, kutentha kwawonjezekanso. Chitsulo cha pa purosesa sindingachigwire. Ndachotsa chivundikiro cha kompyuta, ndalozetsa fani ya patebulo m'kati. Mpweya wa fani nawonso ndi wa Okutobala.

Nzeru ina! Mayi Nabanda, ogula nsomba kugombe n'kukagulitsa ku Kasungu, andipatsa chibuma cha ayezi. Ayezi m'beseni, fani kumbuyo kwake, kompyuta kutsogolo. Akufunsa: "Mwaikamo usipa kapena?" Ofesi yonse ikununkha kampango.

Ulendo 6, 7, 8: bwinobwino! Wa 9 ayezi wasungunuka, Salima wabweranso. Pofika ulendo wa 11 mbali ya disiketi ija sindikuiyang'ananso kwenikweni, zala zikungoyenda zokha.

Asiyatu wabwera dzuwa litapendeka. Opaleshoni yayenda bwino, diso amanga bandeji, linalo lili ndi ng'ala yake. Adokotala akuti kuwerenga ayi mpaka milungu iwiri. Wanunkhiza m'ofesi, wayang'ana beseni, wayang'ana ine. "Basi, bambo a Shakira, basi!" Ndikuti inde, vuto ndi basi imene. Sanaseke.

Lachisanu, 8 Okutobala

Riboni yafika. Lero ndi lero: mapepala makumi atatu, maluwa m'mbali, chombo pamwamba.

Chibuma china cha ayezi. Ndaganiza zoisiya kompyuta ikuyaka pamene ndili ku swala ya Ijumaa, ikapirira maola awiri ndiye kuti yachira. Chivundikiro chochotsa, zenera lotsegula, fani pa nambala 3.

Tikutuluka mumzikiti, anthu akuloza kunyanja. Utsi wakuda waima pamadzi, mphepo ikuukankhira kumtunda. Nkhungu, tintchentche ta m'nyanja tija! Amayi akuthamanga ndi malichero onyowetsa, akuzungulitsa m'mwamba, chisangalalo tauni yonse, ndiwo zabwera zokha. Ine ndekha ndikuthamanga molira, nsapato m'manja.

Zomwe ndapeza:
- fani ya patebulo ikupopera nkhungu m'kompyuta mokhulupirika
- bodi lachikasu lasanduka lakuda
- kafani ka purosesa kaima, kadzaza phala la tizilombo
- beseni lasefukira, madzi a kampango afika pansi pa bokosi
- skirini: buluu, ndi nkhungu pamwamba

Ndazimitsa. Ndapukuta ndi mswachi wa Shakira, ndaumitsa ndi fani. Zomwe ndakokola m'kati Asiyatu akuti zikwana chikumba chimodzi cha ndiwo, wafunsa ngati ndikufuna zothira tomato.

Ndayatsa. Yayaka! 450! Mayina a pa hadi disiki sakutseguka, koma ine ndine munthu wochenjera, ndili ndi disiketi. Ndaitenga m'chitini cha mabatani. Ndatsegula. Onse 47, oyera, olondola, Bibi Amina ali mkazi.

Apa munthu wanzeru akanasindikiza pompo. Ine ndaona kuti pamwamba pakusowa mutu wa zilembo zikuluzikulu. Ndaulemba. Ndadina kuseva, pa disiketi pomwepo. Kagetsi kobiriwira kayaka, disiketi ikukukuta, ikukukuta.

Buluu.

Ndakhala pampando nthawi yaitali. Kunja anthu akuseka, akukazinga. Ndayatsanso: kompyuta ikungolira, piiii, piiii, piiii, skirini bii. Ndikuopa, ndipo si kompyuta yomwe ndikuiopa.

Loweruka, 9 Okutobala

Bodi lachikasu lafa. Ndazula tizidutswa tonse, ndabwezera, ndapukuta ndi labala mpaka labala yatha. Piiii. Ka ku Joni kali ndi banga lakupsa pa dzino limodzi.

Ndatulutsa lobiriwira m'nyuzipepala yake. Silinandinene kanthu. Ndamanga, sikuluwu yotsala ija yapeza kwawo. Basi pa 66, ka 32 ndi ka kumishoni. Yayaka, mwaulemu, itaswali kaye. Hadi disiki yafuna kuyikanso zonse, zakale zapita.

Disiketi. Ndatsegula ndi Bisimila. Timabokosi, timitima, tinkhope tomwetulira, masamba anayi. Pakati pa zonsezo dzina limodzi lokha lapulumuka: Bibi Amuna.

Ndabwereka buku kudzera mwa Asiyatu, ndathamangira kwa mwalimu wa kumzikiti. Alitembenuza uku ndi uku, alipendeketsa padzuwa. Awerenga mayina asanu ndi anayi, lachikhumi akuti mwina ndi munthu, mwina ndi mtengo wa misomali. "Dzanja ili ndi la eni ake, mwananga."

Kwa apongozi alendo ayamba kufika. A ku Liwaladzi pa matola ndi thumba la mpunga, a ku Ngala ndi mbuzi ziwiri. Azakhali a Asiyatu akundigwira dzanja osalisiya: "Ndinu a kompyuta aja? Tamva kuti agogo onse mwawalowetsa m'wayilesi ya kanema!" Alamu anga akuuza aliyense kuti chaka chino kuli mapepala.

Apongozi ali pakhonde, bandeji kumaso, mikanda ya tasibihi m'manja. "Akamwini, mapepala aja?" Ndikuti ali m'njira. Akuti Alhamdulillah.

Pobwerera ndamuuza Asiyatu zonse. Ndimayembekeza za bolopeni, ndinali nditakonzeka kuzilandira. Sanazitchule. Titafika pachitsime akuti: "Mukawauze nokha. Si mapepala a komiti ya asodzi amenewa, ndi anthu athu."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Ndanyamula mikeka mpaka dzuwa kulowa, popanda wondituma.

Lamulungu, 10 Okutobala

Zatha. Ndilembe mwadongosolo.

Anthu adzaza bwalo, amuna pamikeka, amayi kuseri ndi miphika. Ine pamalo panga, pafupi ndi nsapato. Mwalimu amaliza kusoma Kurani, akuti tsopano mayina. Alamu anga onse atembenukira kumbuyo. Ndayenda chogwada mpaka kutsogolo, ndanena: mapepala palibe, mayina ndawataya, wolakwa si magetsi, ndine. Mbuzi yotsala yokha ndiyo yayankha.

Apongozi sanakalipe. Bola akanakalipa. Akweza nkhope yomangidwayo, akuti: "Titchula omwe tikuwakumbuka, enawo Mulungu akuwadziwa." Ayamba. Mwinyi Hamisi. Bibi Amina. Che Salimu. Afika pa khumi ndi asanu. Aima. Milomo ikuyenda, dzina silikubwera. Sindinawaonepo ali ochepa chonchi.

Kenako ndamva munthu akuti: "Mwanahawa binti Kombo." Ndi pakamwa panga! Zala zikugogoda pabondo ngati pa kiyibodi, dzina likubwera, linzake likulikankha kumbuyo. Che Asani. Abiti Rajabu. Sudi wamng'ono. Maulendo khumi ndi umodzi a Lachinayi aja, ndi atatu a apongozi. Ndimayesa ndikuyesa memore ya kompyuta.

Nditaona kuti zikutheka, matenda anga abweranso. Liwiro! 22, 23, 24, anthu akulephera kuyankha amina, mwalimu akupuma movutika. 29, 30. Dzina la 31.

Buluu. M'mutu mwanga mwenimwenimu. F yekha.

Thukuta likutsikira m'makutu. Ndamva dzanja pabondo langa, likufufuza, lapeza zala zanga, lazikhazika pansi. "Pang'onopang'ono, akamwini. Akufa sathawa."

Ndapuma. Fundi Makame, wokhoma zombo. Apongozi akuti: "Amene anakana kukwera galimoto." Anthu aseka, azakhali a ku Ngala akulira. Kuchokera pamenepo dzina limodzi, amina, kankhani, dzina lina. Mpaka 47. Zatenga nthawi yomweyo imene ankatenga iwo Lachiwiri, ndipo palibe amene wayang'ana wotchi.

Mpunga ndadyera kutsogolo, mbale imodzi ndi apongozi. Chiwindi cha mbuzi andikankhira mbali yanga. Za mapepala akuti: "Mudzalembe mukapeza nthawi. Koma chaka chamawa mudzakhale pompano, ndi chaka chinacho, mpaka Shakira adzawadziwe." Ndiye kuti ndalembedwa ntchito yopanda penshoni, yosatula pansi. Ine amene ndimaiwala komwe ndaika makiyi.

Asiyatu wandipatsa bolopeni ndi kope la Shakira. Ndalemba onse 47 ndisanavule nsapato. Wawerenga nambala 2 kawiri.

Zotsala:
- bodi lachikasu libwerera ku Lilongwe m'nyuzipepala yake, likununkha kampango, Gilibati adzaseka mpaka Khirisimasi
- Shakira akufuna labala ndi mswachi
- tcheyamani wa asodzi akundilambalala pamsewu
- ka ku Joni ndakaika m'chitini cha mabatani

Kompyuta ndaiyatsa madzulo ano kuti ndiyambe kutayipa. Ikuswali kaye. Ndikuidikira, manja pamiyendo. Purosesa 300. Basi pa 66.

Basi.